Wailesi Yosalankhula ya a Zuze

Ndikakumbukira a Zuze, nkhope yawo imachedwa kubwera. Limayamba ndi fungo la phula lotentha limene ankamatira ming'alu ya bwato lawo, losakanikirana ndi utsi wa chingambwe ndi matope a m'bango, kenako m'makutu mwangamu mumadzaza kaphokoso ka wailesi yawo, kaphokoso kosatha ngati mafuta akuwira m'chiwaya, kopanda nyimbo, kopanda munthu wolankhula. Ndakalamba tsopano, koma ndikakamva kaphokoso kameneko thupi limachitabe tsemwe.

Tinkakhala kumtunda kwa Matope, pamene mtsinje wa Shire umatambasuka n'kumayenda mwaulesi ngati nyanja. Nyumba ya a Zuze inali kuseri kwa khola lathu la mbuzi. Anali a ku Mozambiki, mmodzi mwa othawa nkhondo amene anafikira kukampu ya ku Luwani, koma moyo woima pamzere kudikira ufa unawakana, ndiye anatsikira kumtsinje n'kuyamba kuwolotsa anthu pabwato. Nkhondo itatha kwawoko, malole anabwera kudzatenga anzawo. Iwo anakana kukwera. Khutu lawo lakumanzere linali lakufa, moti ukamawalankhula ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yaona mphamba.

Zaka zimenezo matipate anali atangoyamba kumene, ndipo aliyense wokhala ndi wailesi ankayenda nayo pakhutu kumvera za zipani. A Zuze nawo anali ndi yawo, yaing'ono, yokulunga m'pulasitiki ya shuga, yolendewera pachifuwa ndi chingwe. Koma iwo ankaipotokola mpaka kumapeto kwenikweni kumene kulibe siteshoni. Munthu wamkulu ndithu, kutha mabatire pomvera mphepo! Ife ana yankho tinali nalo kale: tinkati amamvera akazi awo amene anamwalira. Chimene chinkatiopsa kwambiri n'chakuti nthawi zina dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kuli mbee, ankangoimitsa nkhafi, kutchera khutu lamoyo lija, n'kubweza bwato kumtunda anthu ali momwemo. "Tsikani, sitiwoloka." Anthu ankanyoza, ena kutukwana kumene, koma asanafike n'kunyumba komwe, mabingu ankayamba kugunda kumapiri.

Ine ndinabadwa wapakamwa, ndipo mpaka lero sindinachire. Tsiku lina amayi atandituma kukawapatsa chinangwa chophika, ndinawapeza akusungunula phula m'kachitini, ndipo funso linangotuluka lokha.

"Agogo, eti akazi anu amalankhula m'wailesimo?"

Ndinkayesa andithamangitsa. Koma anangovula chingwe chija n'kundigunditsa wailesi kukhutu.

"Ukumva chiyani, Mwandida?"

"Mphepo basi."

"Dikira."

Ndinadikira, ndikuopa kumva mawu a munthu wakufa akunditchula dzina. Mwadzidzidzi m'kati mwa mphepo muja munamveka thethethe, khwa, ngati wina akuthyola tinkhuni touma kuseri kwa chitseko. Ndinalumpha, chinangwa n'kugwera m'dothi.

"Imeneyo ndi mphezi," anatero. "Ili kutali, kuseri kwa mapiri, koma ikangong'anima wailesi imatsokomola. Ine bingu ndimalimva mochedwa, khutu linafa. Kameneka ndiye khutu langa lachiwiri."

Kenako anavula malaya n'kunditembenukira msana. Kuchokera paphewa kutsika mpaka m'chiuno munali chipsera chotuwa, chokhala ndi timizu. Analankhula akuyang'ana kumtsinje, mawu ali pansi, Chichewa chawo chikupendekera ku Chisena monga chinkachitira akakhudzidwa.

"Tinkachokera tsidya ndi akazi anga, a Rozina. Kunagunda kamodzi, kutali. Mvula kunalibe ngakhale dontho. Ndinati aa, si pafupi pompa, tiwoloka. Iwo anatambasula ambulera chifukwa cha dzuwa. Pakati pamadzi ndinamva ambulera ija ikulira ngati njuchi, cheya cha m'mikono mwanga chikuimirira. Ndinatsitsimuka ndili m'bango. Zipolopolo zinawaphonya zaka zonse zija, mwanawe, inadzawapeza mphezi dzuwa likuwala. Ali pamanda anu apo. Ndiye ndikanakwera lole, ndikanawasiya ndi yani?"

Anavalanso malaya, n'kutola chinangwa chija, kuchiuzira dothi. "Pamadzi palibe chachitali kuposa iwe," anatero akutafuna. "Ukamva kugunda, usadikire mvula, tuluka. Ndipo usathawire pansi pamtengo, thawira m'nyumba."

Achimwene anga a Limbani anali mnyamata wojijirika, wamphamvu zake, ndipo chipani chimene ankachikonda ankachikonda ndi moyo wonse. Chaka chimenecho, mvula yoyamba isanagwe, kunamveka kuti tsidya kuli msonkhano waukulu, ndipo iwo ndi amene anapatsidwa mbendera. Anakadula nsungwi yaitali kuposa yothyolera mapapaya, n'kumangirira nsalu ija kunsonga ndi waya. Dzulo lake anayeserera kuinyamula pabwalo mpaka nkhuku zonse zinathawa.

Tsikulo kunatentha kodabwitsa. Padooko panali mkuyu waukulu umene aliyense ankadikirirapo bwato, ndipo pansi pake panadzaza amayi ovala nsalu za chipani, ng'oma zikulira, fumbi likununkha thukuta ndi mafuta odzola. Amayi anga anali momwemo, ine ndili pambali pawo. Koma ng'oma zikapuma pang'ono, ndinkamva kuti china chake sichili bwino. Mbalame za m'bango zinali zii. Tsamba silinkagwedezeka. Madzi anali osalala ngati athiridwa mafuta, ndipo ngakhale pamutu pathu panali dzuwa, kumapiri kunali kutaima mtambo umodzi wakuda ngati utsi wa matayala. Kunagunda kamodzi, pansipansi, koma ng'oma zinabisa.

A Zuze anali atakokera bwato lawo kumtunda n'kulivundikira. Anakhala pamwamba pake, nkhafi ili pamiyendo.

"Sitiwoloka," anatero. "Chokaninso pamtengopo. Kadikireni m'chigayo."

Mtsogoleri wa achinyamata, bambo wina wa magalasi akuda, anaseka mokweza kuti onse amve. "Madala, mwadya za chipani chinacho eti? Akupatsani zingati kuti mutichedwetse?"

"Nthawi yoletsana inatha, ino ndi demokalase!" wina anakuwa kumbuyo.

"Mlendo atiletse msonkhano kwathu konkuno?"

Pamuzu wa mkuyu panali bwato la msodzi wina, lomangidwa ndi tcheni. Anyamata anathamangira m'menemo. Woyamba kulowa anali achimwene, ndipo sanakhale pansi, anaimirira kutsogolo n'kudzutsa nsungwi ija mpaka mbendera inaposa bango lonse. Ine ndinali nditasendera pafupi ndi a Zuze, ndipo ndinamva wailesi pachifuwa pawo. Sinkatsokomola mwa apo ndi apo ngati tsiku lija. Inkangothetheka osalekeza ngati tchire likupsa. Ndinakuwa ndi mawu anga onse:

"Achimwene, tsikani! Chonde tsikani!"

"Iwe Mwandida, kasewere uko," anandiyankha akuseka, anzawo akulimbana ndi kumasula tcheni.

Sindinaone pamene a Zuze anadzukira. Ndinangoona ali m'madzi mpaka m'chiuno, agwira nsungwi, aigwetsera pamadzi phwaa, ang'amba nsalu ija pawaya, aipana m'khwapa, ulendo. Abale inu, munthu amene anathawa nkhondo musamayesane naye liwiro. Anyamata aja anadumpha m'bwato onse, kuterereka m'matope, kukuwa kuti mugwireni. Amayi a chipani aja nawo anasiya ng'oma n'kutsatira, ena akutukwana, ena kungofuna kuona. Mudzi wonse unakwera mtunda pambuyo pa nkhalamba imodzi ndi kansalu, ndipo nkhalambayo sinathawire kutchire kapena kunyumba kwake. Inalowa m'chigayo, nyumba ya njerwa yokhayo yaikulu kufupi ndi dooko.

M'menemo ndimo anawagwirira. Sindifuna kunena zambiri, koma ndinaona ndi maso angawa chibakera cha achimwene chikutera pakamwa pa a Zuze. Chingwe chinaduka, wailesi inagwa, wina anaiponda n'kuphwanyika. Iwo sanabwezere ngakhale kutchinga kumaso. Anangokumbatira nsalu ija, atayera ndi ufa wapansi, maso ali kukhomo kumene anthu ankakankhana kulowa. Atapeza mpweya anafunsa, magazi akutsika pachibwano:

"Kudooko kwatsala munthu?"

Asanatseke n'komwe pakamwa, kunang'anima. Kuwala koyera kunalowa nthawi imodzi pakhomo, m'mazenera ndi m'timabowo tonse ta malata, moti ndinaona nkhope iliyonse ili mbuu ngati ya maliro. Phokoso lake sindinalimve ndi makutu, ndinalimva m'mano ndi m'mapazi. Ufa wakale unayoyoka kudenga n'kumatigwera pang'onopang'ono. Kenako kunali zii, m'makutu mokha muli kulira, ndipo pakhomo panalowa fungo ngati la machesi ongozimitsa kumene.

Amene anali kukhomo ndi amene anayamba kulira mayo. Mkuyu uja unali utang'ambika pakati, mkati mwake muli poyera, nthunzi ikufuka. Bwato lomangidwa pamuzu lija linali litasweka, nsungwi ya mbendera ikuyandama pambali pake. Ng'oma imene inasiyidwa pamene amayi anga anaima inali itaphulika, ndipo mbuzi ya wina inali gada, miyendo m'mwamba. Mvula inali isanadonthe ngakhale pang'ono.

Anthu anafuna kuthamangira komweko kukaona, koma a Zuze anakwawa n'kukhala chopingasa pakhomo. "Musatuluke. Mphezi sibwera kamodzi." Ulendo uno palibe anatsutsa. Tinakhala m'menemo mvula n'kubwera, kugwa, kusiya, iwo osasuntha, mpaka mabingu anapita kutali n'kukhala chete nthawi yaitali. Achimwene anali atakhala pathumba la chimanga, akuyang'ana dzanja lawo lamanja.

Mungaganize kuti anthu anawanyamula a Zuze pamapewa. Ayi ndithu. Tisanatuluke n'komwe, mayi wina ananong'oneza mnzake kuti, "Koma anadziwa bwanji?" Funso limenelo linayenda m'chigayo monse, ndipo ndinaona anthu akufutukuka pang'onopang'ono, kuwasiyira a Zuze malo aakulu pakhomo paja. Ine ndinakuwa kuti ndi wailesi, wailesi imatsokomola mphezi ikang'anima! Amayi anga ananditsina pantchafu kuti nditseke pakamwa. Wailesiyo inali zidutswa pansi, ndipo ndani akanamvera kamtsikana? Zimandipsetsabe mtima mpaka lero.

Pofika mawa lake nkhani inali itapsa: a Zuze ndi mwini mphezi, anaitumiza kuti aphe msonkhano, ndipo ndi mmene anaphera akazi awo. Palibe anakweranso bwato lawo. Ana tinaletsedwa kudutsa pakhomo pawo. Miyala inayamba kugwa padenga pawo masana dzuwa likuwala, woponya osaoneka.

Achimwene masiku amenewo sankadya, sankapitanso kwa anzawo. M'mawa wina ndinawaona akuzungulira kuseri kwa khola, ndipo ndinawatsatira. Tinawapeza a Zuze akumanga kamtolo ka zovala, mlomo udakali wotupa. Achimwene anagwada padothi. Misozi inayamba kutsika.

"Dzuka, Limbani," anatero a Zuze. "Uli moyo. Ndi zimene ndinkafuna."

Anatenga nkhafi imene inatsamira pakhoma n'kuwapatsa m'manja. "Bwatolo ndi lako. Uziwolotsa anthu, koma kukagunda uzikana, ngakhale akumenye." Anasenza kamtolo kaja, anayenda pang'ono, n'kucheuka. "Ukamadutsa pamanda paja, uwauze a Rozina kuti sindinachoke mwakufuna."

Analowera njira ya ku Zalewa, mutu uli chopendekera, ndipo sitinamvenso za iwo.

Lero ndimagulitsa tomato pa Zalewa pomwepo, ndipo kukangogunda kamodzi ndine woyamba kusonkhanitsa katundu n'kulowa m'sitolo ya mnzanga, anthu akundiseka kuti mayi awa amaopa mthunzi wa mtambo. Asekeni. Ndikaona ana akusambira kuli mabingu, kaya ndi a yani, ndimawatulutsa ndi mkuwo umene makolo awo amaumva ali kunyumba.

Achimwene ali ndi imvi tsopano, ali ndi zidzukulu, ndipo akuwolotsabe anthu padooko lomwe lija, pafupi ndi chitsa cha mkuyu. Anafunafuna m'misika mpaka anapeza wailesi yamtundu wakale uja, chifukwa ya m'foni sitsokomola. Dzinja lathali nditapita kumudzi ndinawapeza atakhala pabwato lovundikira, dzuwa lili phwee, anthu ataima ndi njinga zawo akunyinyirika, ndipo pachifuwa pawo pali kaphokoso kaja. Kamdzukulu kawo kanawakoka malaya.

"Agogo, mukumvera ndani m'menemo? Mulibetu munthu."

Achimwene sanakayang'ane. Anapendeketsa mutu, maso ali kumapiri.

"A Zuze," anatero. "Akuti tidikire."