Anandifunsa Ngati Ndinamulanda

Mkazi wanga anamwalira mu 2012 atagundidwa ndi galimoto pafupi ndi siteji ya matekisi ku Cato Manor mumzinda wa Durban, akuchokera kogula nsalu. Thupi tinapita nalo kwawo ku Ntcheu. Titaika maliro, amalume ake ananena pamaso pa anthu kuti ndinawalanda mwana n'kukamuphetsa ku Joni. Ndinabwerera ku Durban n'kukayambiranso ntchito pa hotela ina ku Umhlanga, kumene ndinkalandira alendo ngakhale kuti ku koleji ndinaphunzira zauphunzitsi.

Patapita miyezi ingapo, mnzanga wa kuntchito, Mzulu amene ankayendetsa galimoto ya hotelayo, anati ndikutha thupi ndipo Loweruka anditenga kukaona nyama. Anatenganso amayi ake a ku KwaMashu. Iwo anakhala kutsogolo, kontena ya nkhuku yokazinga ili pamiyendo, n'kumamudzudzula mwana wawo pa kona iliyonse kuti akuyendetsa ngati wa tekisi. Ine ndi iwo tinkamvana movutikira. Chizulu changa chinali chongofunsira njira, ndipo Chingerezi iwo sankachikonda.

Malo osungirako nyamawo anali kumidzi, kutali ndi nyanja, kumene minda ya nzimbe imathera n'kuyamba mapiri a udzu. Tinaona mbidzi, nyumbu, ndi chipembere chitagona pamthunzi. Tinatsikira ku mathithi, amayi aja n'kuvula nsapato n'kuviika mapazi m'madzi. Ine ndinkayang'ana zonsezo chifukwa ankandilozera.

Masana tinatuluka kupita pa chigwa china chapafupi pamene Azulu ndi Angerezi anamenyana kalekale. Paliponse panali milu ya miyala yopakidwa laimu, ndipo anatiuza kuti pansi pa mulu uliwonse pali mafupa a anthu. Tikubwerera ku galimoto tinakumana ndi banja lina likuchokera m'munsi mwa phiri. Kutsogolo kunali bambo wachikulire atavala jekete, atanyamula kanthambi ka mtengo ndi manja awiri, akukalankhula. Mtengowo ndinauzindikira, kwathu timati kankhande. Ena onse ankatsatira ali chete. Mnzanga anavula chipewa, tonse n'kupatuka m'njira.

Atadutsa, amayi aja anatembenukira kwa ine.

"Wena mntanami, umlandile umkakho?"

Mawu akuti umkakho ndinkawadziwa, ndi mkazi wako. Enawo ndinawamva m'Chichewa. Ndinamva akundifunsa ngati ndinamulanda mkazi wanga. Sindinamvetse kuti mayi amene anali atangondipatsa ntchafu ya nkhuku ndi manja awo angadziwe bwanji zimene zinanenedwa pa manda ku Ntcheu. Ndinayankha m'Chingerezi, mawu ali pansi, kuti sindinalande munthu, tinakwatirana m'tchalitchi, ndipo ku South Africa anabwera mwa kufuna kwake.

Mnzanga anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anandifunsa kuti kulanda n'chiyani kwathu. Nditamuuza anati eish, kenako anafotokoza kuti m'Chizulu kulanda ndi kupita kukamutenga munthu, monga mmene umakatengera mwana ku sukulu. Anati munthu akafera kutali ndi kwawo, thupi likhoza kunyamulidwa koma iye amatsala pamalo pamene anagwera. Achibale amathyola kanthambi ka mtengo umenewu, amapita pamalopo, amamuitana ndi dzina lake, n'kumamuuza njira yonse mpaka kufika kunyumba. Bambo uja anali atabwera kudzatenga agogo a agogo ake.

Amayi aja anafunsanso china, mnzanga n'kuzengereza kumasulira. Iwo anamugunda ndi chigongono. Iye anati akufunsa kuti pamene ndinkanyamula bokosi, ndani anamuuza mkazi wanga kuti tikupita kwathu.

Ndinati palibe.

Amayiwo anapukusa mutu n'kunena mawu ochepa, ndipo ulendo uno ndinawamva ndekha. Anati ndiye kuti akadali pomwepo.

Ine ndinakulira m'tchalitchi, ndipo ndikanatha kuwauza kuti Achewa sitichita zimenezo. Koma pa siteji imeneyo ndinkadutsa m'mawa uliwonse popita ku ntchito, maso ali kumbali ina. Ndinamuona mkazi wanga m'maganizo mwanga ataima pamenepo miyezi yonseyo, chikwama cha nsalu chili m'manja, akundiona ndikukwera tekisi osamuyang'ana. Ndinakhala pansi pa udzu. Palibe amene anandiuza kuti ndidzuke.

Pobwerera amayi aja anaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu, kunja kwa mpanda wa nyama, n'kuthyola kanthambi. Minga inawalasa chala, anachiyamwa, n'kundipatsa kanthambiko atakakulunga m'pepala la buledi. Anati ndikamutenga ndisayang'ane m'mbuyo, ndisalankhule ndi wina aliyense, ndipo ndimulankhule m'chilankhulo chimene ankamva.

Chimenecho ndi chimene chinandivuta. Chiyambire zipolowe zothamangitsa anthu obwera za 2008, ine ndi mkazi wanga sitinkalankhula Chichewa panjira. M'tekisi tinkangokodolana, foni ya kumudzi ikalira tinkaidula. Kanthambi kanakhala pamwamba pa kabati mpaka masamba anayamba kuuma.

Ndinapita Lamlungu lina masana, nditavala suti ya paukwati. Pamalopo panali mayi wowotcha chimanga ndi madalaivala akutsuka matekisi. Ndinagwada m'mphepete mwa phula, ndinaika kanthambi pansi, n'kutchula dzina lake. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri, ndinabwerezanso.

"Ndine. Ndachedwa, sindinkadziwa. Dzuka tizipita."

Phokoso la madzi otsukira linaleka. Sindinatembenuke kuti ndione chifukwa chake. Ndinadzuka n'kuyamba kuyenda, ndikumuuza mokweza kuti apa tikuwoloka msewu, apa pali ngalande usamale, apa tikukhotera kumanzere pa shopu ya Msomali. Mnyamata wina amene ankabwera kutsogolo kwanga anamva Chichewacho, anandiyang'ana kumaso, anayang'ana kanthambi, n'kupatuka.

Titafika pakhomo ndinamuuza kuti pano si kwathu, tingopuma. Mu Disembala tikwera basi ya ku Malawi, ndipo adzakhala kuwindo.