Mungakweranga Chikangawa

Galimoto yanga inanoka mwezi wa Meyi, ndikuchokera kuntchito, nditatsala pang'ono kukhota kulowera kwathu ku Nkhorongo, mumzinda wa Mzuzu. Inakhala kugalaja miyezi iwiri. Makanika wake anali bambo wachikulire wa ku Rumphi, amene ankagwirira ntchito pansi pa shedi ya malata ku Salisbury Lines. Anatsitsa injini yonse, kuimasula, kusintha mapisitoni ndi maring'i, kenako kuimanganso. Tsiku limene ndinapita kukaitenga, kunali kutatsala masabata atatu kuti mwana wa mlongo wanga achite chinkhoswe ku Dedza.

Ine ndine malume wa mwanayo, choncho zopita sizinali zokambirana. Koma panali china. Chinkhoswecho chinali chokachitikira mu holo kuboma, pamene mayi athu amakhala kumudzi, kutali ndi msewu wa tala. Chigwereni n'kuvulala m'chiuno sakhala panjinga yamoto, ndipo lole imene inapezedwa yonyamula azimayi inali yaitali, sakanatha kuikwera. Ndinali nditawalonjeza ndekha pafoni kuti ndidzawatenga pakhomo, adzakhale mpando wakutsogolo, ndikawatsitse pakhomo la holo. Mdzukulu ameneyu anamulera ndi iwo.

Makanika uja anandiimiritsa pambali pa galimoto, injini ikulira motsitsa.

"Iyi tsopano ndi khanda, adada. Makilomita chikwi oyamba muziyenda nayo pachoko pachoko. Sipidi isapyole 60. Matumba a chimanga ayi. Akakwana makilomitawo mubwere, titaye oyilo, timangenso mabawuti a pamwamba."

Ndinalemba zonsezo kuseri kwa envulopu. Pamene ndinkakwera, ndinamufunsa za ulendo wa ku Dedza, popeza msewu wake umadutsa zitunda za Chikangawa. Iye anali atalowetsa kale mutu mu boneti ya galimoto ina, akukangana ndi mwini wake m'Chitumbuka. Anandiyankha osatembenuka, m'chilankhulo chimene chinali kale pakamwa pake.

"Chikangawa mungakweranga, adada."

Ine ndinamva kuti mungakwere. Ndinati yewo, n'kunyamuka.

Ndinali nditakhala ku Mzuzu zaka zisanu ndi chimodzi, koma Chitumbuka changa chinkathera pa moni ndi pogula tomato. Ku ofesi tinkagwiritsa ntchito Chichewa ndi Chingerezi, kutchalitchi ndinkalowa mapemphero a Chichewa. Ndiye ndinawerengera kuti kupita ndi kubwerera ku Dedza kokhako kudzakwanitsa makilomita onse. Mafuta ankavuta masiku amenewo. Galimoto ndinaiimika pakhomo, kuntchito ndinkakwera minibasi. M'masabata awiri inayenda makilomita 140 okha.

Lamlungu lina masana, kutatsala masiku asanu ndi limodzi, ndinali pakhonde. Kunja kunkagwa kamvula kowaza ka mu Julaye, kozizira kaja. Bambo wa nyumba yoyandikana nafe, mphunzitsi wopuma ntchito, anatsamiritsa makwerero pakhoma kuti akakhome lata limene linkasokosa ndi mphepo. Atangoponda kawiri, akazi awo anatulukira kukhitchini akufuula.

"Mungakweranga! Mungakweranga, adada!"

Bambowo anaima, anayang'ana denga, n'kutsika.

Kenako ndinapita kumpanda n'kufunsa mayiwo kuti, "Pepani amayi, mwawauza kuti akwere, nanga atsikiranji?"

Anaseka mpaka kugwira mpanda. "Kwathu kuno tikati mungakweranga ndiye kuti musakwere. Ka nga ka kumapetoko ndi kamene kakuletsa. Zaka zonsezi muli kuno simunakamve?"

Lolemba m'mawa ndinali kugalaja makanika asanavale n'komwe ovolosi. Nditamufotokozera anakhala pa tayala, akupukusa mutu.

"Ndinakuuzani chomene, adada. Mukadakwera nayo Chikangawa, bwenzi mutabwera nayo pa chingwe."

"Munandiuza m'Chitumbuka."

"Inuyo munayankha yewo. Ine ndinati awa akumva."

Ndinafunsa ngati ndingadzere kunyanja, ku Nkhata Bay. Anati kutsika n'kosavuta, koma Dedza sali kunyanja, kwinakwake ndidzakwerabe phiri, ndipo pobwerera phiri la ku Nkhata Bay lidzandidikira. Anandifotokozera kuti maring'i atsopano amafunika adyane kaye ndi khoma la injini mpaka akhazikike. Ukawakakamiza pachitunda chachitali asanakhazikike, injini imatentha, khomalo limakandika, basi ntchito yonse yapita. Ndinadziwa kuti ikafanso sindidzaimanganso kachiwiri.

Tsiku limenelo ndi limene ndinazindikira mmene Mzuzu anakhalira. Kummwera phiri, kum'mawa phiri. Msewu wokhawo umene anandilola unali wa ku Ekwendeni, umene zitunda zake n'zazifupi. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 40. Ndinkafunika 860, ndipo ndinayenera kunyamuka Lachisanu m'mawa.

Ndinapempha tchuthi cha masiku anayi. Abwana anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndi za pabanja.

Ndinayamba Lolemba lomwelo. Kuchoka m'tauni, kudutsa Luwinga, kufika pa Ekwendeni, kutembenuka pamalo amodzimodzi pafupi ndi msika, kubwerera. Makanika anali atandiuza kuti ndisayende liwiro limodzi nthawi yaitali, ndizikweza pang'ono, ndizitsitsa pang'ono. Maso anga ankangosinthana pakati pa singano ya sipidi, singano ya kutentha ndi manambala a makilomita. Wailesi ndinazimitsa kuti ndizimva injini. Maminibasi ankandiimbira hutala. Malole a matabwa ankandidutsa. Pena ngakhale njinga zamoto zonyamula anthu awiri zinkandisiya.

Pamalo otembenukira paja pankakhala amayi ogulitsa nthochi. Ulendo wachitatu mmodzi anabwera pawindo.

"Adada, mwasochera?"

"Ayi."

"Mukusakasaka munthu?"

"Ayi, ndikuyendetsa galimoto."

Anatembenukira anzake n'kunena zina m'Chitumbuka, onse anaseka. Ndinagula phava la nthochi kuti ndichoke bwino. Kuyambira pamenepo ankandiwerengera ndi zala ndikamatembenuka.

Ndayendapo maulendo ataliatali pa moyo wanga, koma palibe umene unanditopetsa ngati umenewu. Pa ulendo weniweni mitengo imasintha. Apa ndinadziwa dzenje lililonse, chikwangwani chilichonse, ng'ombe imene inkamangidwa pansi pa mtengo womwewo. Kuti ndisinthe ndinkazungulira m'tauni, kulowa ku Geisha, kutulukanso, koma m'tauni makilomita sayenda. Ndinali m'galimoto yoyenda tsiku lonse, koma madzulo ndinkafika pageti lomwe ndinatulukira.

Mkazi wanga anandiperekeza Lachiwiri m'mawa. Titabwerera kachiwiri anati, "Bambo, nditsitseni pamsika. Ine mutu wayamba kuzungulira." Potsika anawonjezera kuti, "Muwaimbire achemwali anu lero. Akonze zina."

Sindinaimbe. Ndinali nditafika pa 520, ndipo ndinkaona kuti zitheka.

Mlongo wangayo ndi amene anaimba, madzulo a tsiku lomwelo.

"Achimwene, amayi achapitsa kale nduwira yawo. Akuti afunse ngati mpando wakutsogolo umabwerera m'mbuyo, kuti mwendo uwongoke."

"Umabwerera."

"Ndiye mufika Lachisanu?"

"Ndifika."

Lachitatu mafuta anandithera. Ndinalowa pamzere nthawi ya kum'mawa, pamalo pamene anthu ankati thanki ibwera. Galimoto tinkachita kukankha zikasuntha, kuopa kuwotcha timafuta totsalato. Ndinakhala pampando tsiku lonse, envulopu ili pamwendo, ndikuchotsera ndi kuphatikiza manambala amene sankasintha. Kutsogolo kwanga kunali galimoto, kumbuyo galimoto, kumbali ngalande. Ngakhale ndikanafuna kuchoka panalibe potulukira. Thanki inafika dzuwa litapendeka. Anatipatsa malita ochepa aliyense.

Lachinayi ndinayenda mpaka mafutawo atatsala pang'ono kutha. Manambala anaima pa 710. Ndinapita kugalaja.

"Yatsala 290," ndinatero. "Ndikapita pang'onopang'ono, giya yachiwiri, ndikumaima kuti izizire?"

Makanika analowa pansi pa galimoto, anamasula bawuti ya oyilo, n'kudonthezera pang'ono m'chivundikiro cha chitini. Anatuluka nacho padzuwa, anachipendeketsa, n'kundiitana. Mu oyilomo munkanyezimira tinthu tating'onoting'ono ngati fumbi la siliva.

"Mwaona? Ndi chitsulo ichi. Ikudyabe, sinakhazikike." Anapukuta chala pa ovolosi. "Galimoto ndi yanu, adada. Koma lero ndikuuzani m'Chichewa chanu. Musakwere."

Ndinaimba foni ndili pomwepo, nditatsamira shedi. Mlongo wanga anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Masabata atatu onsewa, achimwene, mukundiuza Lachinayi?" Ndinayamba kufotokoza za ka nga kaja, koma ndinaona kuti pafoni sikakumveka ngati chifukwa. Ndinangoti ndalakwa.

Lachisanu ndinakwera basi. Pa Chikangawa ndinamva injini yake ikubuula pachitunda chilichonse, ndipo ndinapezeka ndikuyang'ana singano imene panalibe.

Loweruka m'mawa tinayesa kupeza njira ina yowatengera amayi. Galimoto za kuchimuna zinali zitadzaza ndi anthu awo, ndipo ina imene mlamu wanga anapempha sinabwere. Lole inafika pakhomo, azimayi akuimba kale pamwamba. Mlamu wanga anati tiwanyamule amayi pampando wawo, amuna anayi, tiwakweze. Amayi anali atavala kale, nduwira ili kumutu, ndodo ili m'manja. Anayang'ana loleyo, anayang'ana anthu amene anasonkhana kudzaonerera.

"Ine si thumba la fetereza," anatero. "Pitani, muchedwa."

Ndinagwada pambali pawo n'kupepesa. Sanandiyang'ane. Anangondikonza kolala ya shati.

"Iwe pita. Kumeneko akufuna malume."

Ndinagwira ntchito yanga ku holo. Ndinalandira a kuchimuna, ndinalankhula mawu anga, ndinapereka mwana. Mpando umene anawasungira amayi kutsogolo unakhala wopanda munthu mpaka wina anaikapo chikwama. Madzulo mdzukulu wawo anabwera kumudzi ndi bwenzi lake, asanavule zovala za pachinkhoswe, n'kugwada pakhonde kuti agogo aone. Anawapeza nduwira ili kumutu. Amayi anagwira nsalu ya diresiyo, anaiyamikira, anafunsa amene anasoka. Za ku holo sanafunse chilichonse.

Lamlungu ndikutsanzika anandifunsa kuti, "Ndiye galimoto yakoyo ichira?"

"Yatsala pang'ono."

"Uziimvera. Ukwati uli mu Okutobala."

Sindinalonjeze kanthu. Ndinati ndamva.

Lolemba nditaweruka ndinatenganso msewu wa ku Ekwendeni. Makilomita 290 aja anali akundidikira, ndipo tsopano panalibe chothamangira. Ananditengera masiku asanu ndi atatu, ulendo umodzi patsiku. Amayi a nthochi aja atandiona ndikutembenuka anakweza chala chimodzi, kuyambiranso kuwerenga.

Tsiku limene manambala anakwana chikwi, makanika anataya oyilo, anamanga mabawuti, anamvetsera injini nthawi yaitali atatsamiritsa khutu pa chogwirira cha sikuludiraiva. Kenako anatseka boneti.

"Sono mungakwera, adada."

Ndinamupempha kuti abwerezenso, pang'onopang'ono, kuti ndimve bwino kumapetoko.