Bambo Anga Anali Wodzipereka

Mawu akuti "wodzipereka" ndinawadziwira pa bambo anga. Kwathu, kuseri kwa Kabudula, sankangotchulidwa pa aliyense. Wobwera kutchalitchi Lamulungu lokha anali mkhristu chabe. Wodzipereka anali bambo. M'mawa uliwonse ankamenya chitsulo cha gudumu la galimoto chomwe chinali belu la tchalitchi chathu, ngakhale nthawi yothyola fodya, ndipo kolona yawo inachita kusalala ndi zala. Ine ndinkayenda nazo mapewa m'mwamba, mpaka kuderera abambo a anzanga.

Atamwalira, amayi sanapemphe zambiri. Ankangofuna kuti bokosi lifunditsidwe nsalu ya mtanda, amuna awo apite kumanda ndi nyimbo za mpingo. Akuluampingo anabweradi, nsalu ija n'kuyala.

Dzuwa lili paliwombo tinamva ng'oma cha kudambo. Ndinkayesa ndi za mudzi wina. Koma fumbi linkalunjika kwathu, ndipo zilombo za gule wamkulu zinatulukira kuseri kwa chigafa chathu cha fodya. Amayi a kwaya anabalalika, ena kusiya nsapato.

Mkulu wina wa kumudzi kwawo kwa bambo anadzanjuta pamaso pa amayi.

"Pepani alamu, tabwera kudzaperekeza mnzathu. Munthuyu anali wodzipereka. Ng'oma mukumvazi anasema ndi iyeyu, ndipo kudambwe sanajombepo."

Maulendo aja okaona alongo awo tikatha kukolola, eti anali amenewa! Zikopa zija ankayanika pakhola, ife kumati n'zogulitsa!

Mkulu wa mpingo anafunsa motsitsa mawu, "Mayi, kodi mumadziwa?"

Amayi anangopukusa mutu.

"Ndiye mutikhululukire. Mtanda ndi gule siziyendera limodzi kumanda."

Anayamba kupinda nsalu ija. Amayi anaigwira kunsonga.

"Zaka zonsezi belu ankakuimbirani ndani?"

Mkulu wa mpingo uja anawachotsa zala pang'onopang'ono, mwaulemu, nsalu n'kupita. Ndinapsa mtima, koma sindinadziwe woti ndimupsere, wopinda nsalu kapena wogona m'bokosi.

Bambo anapita ndi ng'oma zosema okha. Amayi ankatsatira bokosi lopanda chofunda, akuchita kolona ya amuna awo okhaokha.

Kutacha ndinawapeza ataima pakhomo, khutu lili kutchalitchi. Nthawi ya belu inakwana, n'kupitirira. Palibe anakamenya chitsulo chija.