Njira Yathu Ili pa Mapu

Maganizo ochoka kwathu ku Mlolo anandibwerera chaka chimene chimanga chinapserera chisanamasule. Mkazi wanga Nabanda anali ndi pathupi poyamba, koma nkhokwe inali mbee. Ndinamuuza tili kumunda, tikuzula mtedza umene unali makoko okhaokha.

"Ndipite ku Lusaka ndikayese ganyu. Mwana akamabadwa ndidzakhala nditabwera."

"Pitani, a Phiri," anatero osadzutsa mutu. "Kukhala pano tonse awiri n'kungoyang'anana."

Ndinagulitsa mbuzi, ndinakwera minibasi pa boma la Chadiza mpaka ku Chipata, kenako basi yaikulu.

Msuweni wanga anandipezera ntchito yoperekera zakudya pa njinga yamoto. Njingayo inali ya munthu wina, ndipo gawo lake ankatenga tsiku lililonse, kaya kwayenda kaya sikunayende. Foni ndinkaimanga pa handulo, mapu n'kumandilondolera: khota uku, pitirira, wafika. Ndinkaima pa mageti aatali, munthu n'kutulutsa dzanja lokha. Palibe amene anandifunsapo kuti kwanu n'kuti. Mawu amene ndinkawamva kwambiri anali akuti "wachedwa". Ndinkagona m'kachipinda ka mu komboni pamodzi ndi amuna ena a kum'mawa, aliyense atatembenukira kukhoma ndi foni yake.

Zotsala pa lendi ndi petulo ndinkatumiza pa foni. Zinali zochepa, ndipo miyezi ina ndinkachita manyazi n'kuyamba ndazimitsa foni ndikangotumiza. Nabanda ankakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pomwe netiweki imagwira, n'kunditumizira mawu ake. Ankanena za nkhuku, za miyendo yotupa, za mwana amene ankatakataka ngati akupalasa njinga m'mimba. Mawu amodzimodziwo ndinkawamvetsera kambirimbiri podikira oitanitsa zakudya.

Tsiku lina ndinafufuza kwathu pa mapu omwewo. Mu Lusaka ngakhale kanjira ka pakati pa mipanda kanali ndi mzere wake. Chadiza anaoneka, kadontho pa msewu umodzi. Koma mudzi wathu panali poyera, ngati sipakhala munthu. Ndinaseka, ndinaonetsa anzanga, nawonso anaseka.

Mvula itayamba ndinayenera kubwerera, koma nyengo ya Khirisimasi anthu amaitanitsa zakudya kwambiri. Ndinati ndipirire pang'ono, ndikafike ndi zovala za mwana ndi thumba la fetereza. Uthenga unandipeza masana, ndili pa geti la munthu, chakudya chili m'manja. Anali mlamu wanga. Anati matenda anayamba m'mawa, anamwino a pa kiliniki yathu anaona kuti mwana wagona mopingasa ndipo anaitanitsa ambulasi. Anamukweza Nabanda m'ngolo kuti akakumane nayo, koma kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi kanali katasefukira, mitengo yowolokera itapita ndi madzi.

"Ambulasi sinatifike, alamu. Mlongo wanga ali moyo. Mwana ayi."

M'basi yobwerera ndinali ndi ganizo limodzi lokha: ambulasi inasochera. Ikanatipeza bwanji anthu osaoneka pa mapu?

Nabanda ndinamupeza atakhala pakhonde, ataonda, akusankha nyemba. Mwana wobadwa wakufa samulira maliro. Azimayi okha ndiwo amakamuika, ndipo akabwerako nkhaniyo imatha. Sindinamufunse kanthu. Tinkagona nyumba imodzi ngati alendo amene mvula yawatsekera pamalo amodzi.

Dzinja litatha ndinamva za aphunzitsi ena a pa boma, a Mbewe, amene anasonkhanitsa anthu odzipereka kuti alembe misewu ndi njira za njinga pa mapu a pa intaneti, aja amene aliyense angathe kuwonjezapo. Panalibe malipiro. Ndinapita tsiku lomwelo. Ntchito yake inali yosavuta: umamanga foni pa njinga n'kumapalasa, foniyo n'kumajambula mzere wa kumene wadutsa. Pamchenga umaima n'kulemba kuti pali mchenga. Pamene galimoto singadutse umalemba kuti njinga yokha. Ukabwerera ku boma, a Mbewe amaika zonse pa kompyuta.

Anzanga ankapita Loweruka lokha. Ine ndinkapita pafupifupi tsiku lililonse. Ndinazungulira Mlolo yense, ndinafika mpaka ku Pembamoyo, m'njira za m'madambo, za kuchigayo, za kumijigo. Matayala anatha, ndinasokerera ndi chingwe. Munda ndinausiya m'manja mwa Nabanda. Anthu ankandiimitsa panjira.

"Kodi ndinu oyeza msewu? Adzaulima liti?"

"Posachedwa," ndinkatero. "Akangoona kuti kuno kuli anthu."

A Mbewe atamva anandiitanira pambali. "A Phiri, ife tikungolemba. Musawalonjeze anthu zinthu zimene sitinalonjezedwe."

Sindinawamvere. Tsiku limene mzere wa njira yathu unaonekera pa foni, kuchokera pa boma mpaka pa kiliniki yathu, ndinauonetsa aliyense amene ndinakumana naye. Pa kamtsinje paja ndinali nditalemba ndekha: palibe mlatho, dzinja sipawolokeka.

Ndinafunsira dalaivala wa ambulasi, ndipo ndinamupeza kumsika akumatitsa tayala. Anali bambo wachikulire, wa imvi m'ndevu. Ndinamupatsa moni, ndinamuuza mudzi wathu, ndinamuonetsa foni.

"Taonani, bambo. Tsopano simudzasocheranso."

Anaiyang'ana nthawi yaitali, akutsata mzerewo ndi chala chakuda ndi mafuta.

"Mwajambula bwino, mwana wanga. Koma njira iyi ndiidziwa. Amayi anga anali a komweko." Kenako anandiyang'ana kumaso. "Kodi mayi uja wa m'ngolo, dzinja lathali, ndi akazi anu?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndinafika ine. Ndinaima tsidya lino, ngolo ili tsidya lija. Madzi akanandifika m'khosi. Tinkangoyang'anana, mpaka anandiitana kuti kwina kuli ngozi. Chaka ndi chaka ndimanena za malo amenewo kwa akuluakulu. Amalemba, n'kuti amva."

Anandibwezera foni ndi manja awiri.

Pobwerera sindinapalase. Ndinaikankha njinga njira yonse. Nabanda ndinamupeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamufunsa za tsiku lija.

"Ambulasi ija ndinaiona," anatero. "Ndinali chigonere m'ngolo, nyali yake ikuthwanima tsidya. Mudzi wonse unaiona."

"Nanga bwanji munandisiya ndikuzungulira ndi njinga miyezi yonseyi?"

Anaika mpeni pansi. "Simunafunse. Komanso inu munapeza chokudzutsani m'mawa. Ine ndinalibe. Ndikanakulandani bwanji?"

Mapu aja alipobe, ndipo si oipa. Ogula mtedza ochokera ku Chipata tsopano amafika ndi malole mpaka pachigayo m'chilimwe, n'kutchula mtengo umene akufuna. Anyamata ena awiri anawagwiritsa ntchito kupeza njira yachidule yokakwerera minibasi, ndipo sanabwerenso. A Mbewe anasindikiza pepala lalikulu n'kukalipereka ku maofesi. Anawathokoza, n'kulipachika pakhoma.

Nabanda ali ndi pathupi pena. Tagwirizana kuti mitambo ikangoyamba kuda ndidzamuwolotsa madzi asanabwere, akakhale kwa azakhali ake pa boma mpaka nthawi itakwana. Kuti adye kumeneko, ine ndiyenera kupitanso kukafuna ganyu. Sabata yatha amuna a m'mudzi tinadula mitengo ina n'kuigoneka pa kamtsinje, monga timachitira chaka chilichonse. Palibe amene anaimanga molimba.

Ndili kutali ndinkaganiza kuti kwathu kunatayika, ndipo munthu wotayika amakhala ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina adzamupeza. Ife sitinatayike. Aliyense akudziwa pamene tili.