Kuperekeza a Pavel ku Loughborough

Ndinatuluka m'nyumba ku Braunstone, kuno ku dziko la azungu, teni koloko itakwana, chitenje chili m'chikwama, kamvula kakuwaza. Maliro a bambo Pavel anali a leveni koloko ku Loughborough, koma sindinapupulume. Kwathu ku Ntcheu maliro a leveni amafika kumanda dzuwa litapendeka. Pamakhala kuona nkhope, zolankhula, ulaliki wautali, ndipo wochedwa amapezabe pokhala.

A Pavel ndinawasamala zaka zitatu kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito. Anali a ku Russia, opanda mwana, akazi awo anatsogola kalekale. Palibe ankabwera kudzawazonda. Ndikamawameta ndevu, ankandisimbira za mfumu yakale ya kwawo, Vladimir Monomakh. Ankati moyo wake unathera pa kavalo, kumenya nkhondo ndi kuyanjanitsa abale olimbirana ufumu. Mpando waufumu wa mumzinda wa Kiev anausiyira mbale wake poopa kukhetsa magazi, n'kudzaukhala ali ndi imvi, anthu atachita kumuitana. Koma chimene a Pavel ankabwereza ndi malangizo amene mfumuyo inasiyira ana ake, oti wodwala azimuyendera, wakufa azimuperekeza.

Tsiku lina anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndidzawaperekeze. Ndinavomera.

Basi yolowa m'tauni inadya mapaundi awiri ndi theka, n'kumaima paliponse ngati ikupereka moni. Kumsika ndinagula maluwa, chifukwa kupita kumaliro chimanjamanja sindinakuzolowere. Ndinagulanso soseji rolo, kabuledi ka soseji m'kati, n'kuyenda wapansi kupita kusiteshoni. Sitima ndinaiona msana.

Ndikudikira ina, mayi wina wa ku Zambia, wovala yunifolomu ya unamwino, anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa.

"Muyenda kuti, amai?"

"Ku funeral, ku Loughborough. Ya leveni."

Anayang'ana wotchi. "Ya muzungu? Amai, malilo ya kuno siyalindila muntu. Bama-booka time monga kwa dokotala."

Soseji ija ndinaiponya m'chikwama. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili m'dziko lino, maliro onse amene ndinapitako anali a Amalawi anzanga, a nyimbo tsiku lonse.

Sitima inanyamuka leveni itadutsa. Ulendo wake ndi waufupi, minda yonyowa ndi mtsinje wotuwa pawindo, koma ndinauona kutalika. Ku Loughborough ndinakwera takisi ya mapaundi asanu ndi awiri, osanenerera.

Kumanda ndinafika kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thwelofu. Panalibe galimoto ya maliro, panalibe wansembe. Ndinapeza bambo mmodzi wa jekete lachikasu akukwirira dzenje ndi kathirakita. Kwathu ntchito imeneyi amalandizana makasu amuna a mudzi wonse.

Ndinavala chitenje n'kuimika dzanja. Bamboyo anazimitsa injini, navula chipewa. Ndinamupempha m'Chingerezi kuti ndiponyeko dothi, ndipo anavomera. Bokosi silinkaonekanso. Ndinagwada m'matope, ndinaponya dothi langa, n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo ya kwathu. Manyazi anandigwira kuposa chisoni. Ndinalonjeza munthu wopanda wake, koma ndinamuyendera pa nthawi ya ku Ntcheu.

Nditadzuka ndinafunsa bambo uja kuti pamwambo panali anthu angati.

Iye anati, "Kupatula onyamula bokosi, oyamba ndinu, mayi."