Banga la m'chipinda chaching'ono

Laimu ndi wabodza kuposa ine. Akakhala wamadzi amaoneka ngati mwapaka phulusa, koma akauma, nyumba yodyedwa ndi chiswe imayera ngati ya ansembe a ku Guilleme. Ndinamudziwa bwino chaka chimene tinagulitsa nyumba yathu ya pa Kamwendo, masiku aja a matipate pamene aliyense anali ndi ufulu wolankhula, ngakhale akazi anga.

Nyumbayo ndinaimanga nditasiya ukapitawo ku esiteti ya fodya. Njerwa zowotcha, malata, zipinda ziwiri ndi pabalaza. Mwana wathu wamkazi anabwera kuchokera ku Lilongwe atadwala matenda aja sitinkawatchula dzina, nagona m'chipinda chaching'ono kuyambira nthawi yokolola mpaka mphepo ya Julaye itamutenga. Ana ake awiri anali kwa mng'ono wa akazi anga ku Chiosya, ndipo ankadya mwa mwayi. Akazi anga anati tigulitse nyumba mvula isanagwe, tikalime kwawo, tikalere zidzukulu. Ine, wa imvi zanga, kukakhalanso mkamwini! Ndinang'ung'udza, koma ana anjala sadya zong'ung'udza za agogo awo.

Ndinasungunula laimu m'ndowa, n'kuthiramo mchere kuti asamatsalire pa malaya a anthu. Ming'alu ndinamata ndi dothi la pachulu. Chitseko ndinkafuna kupaka penti wachikasu wotchipa wa ku Chipata, koma akazi anga anandigwira mkono.

"Abambo, mukufuna anthu aziti ndi ofesi ya chipani? Agula ndani kuno?"

Ndinapaka wofiirira. Iwo anazira khonde ndi dothi lakuda, nabzala maluwa m'zitini, maluwa opempha kwa aneba amene analibe ngakhale mizu.

Vuto linali m'chipinda chaching'ono. Pakhoma, pamene panali bedi, panatsala banga lakuda la mafuta. Amayi ake ankamudzoza mwana wathu uja tsiku ndi tsiku chifukwa khungu linkasweka, ndipo iye akakhala tsonga ankatsamira mutu pamenepo. Ndinapaka laimu, banga linabisala. Kutacha, ili apo. Ndinapakanso wolimba ngati phala. Litauma, ili apo, kukula kwake ngati chikho. Mmisiri wina anandiuza kuti mafuta akalowa m'khoma mankhwala ake n'kupala basi. Nditatenga chikwanje, akazi anga anaima pakhomo.

"Palani mutu wanuwo."

"Wanga unapalika kale, mayi. Taonani dazili."

Sanaseke. Ndinabweza chikwanje kuseri kwa chitseko.

Anthu a pamsika onse ankadziwa kuti m'nyumbamo munatuluka maliro, ndipo sankabwera n'komwe kudzafunsa mtengo. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Zambia, anzathu ku Chiosya atamaliza kale kugalauza. Ndiye titamva kuti kukubwera mlendo kudzaona nyumba, wogula mtedza wochokera dera la kwa Zulu, ndinakhoma kalendala yakale pabangapo. Inakhala m'munsi kwambiri, ngati yowerenga munthu atagwada, koma ndikanatani?

Anabwera ndi mkazi wake, mayi wamng'ono wosalankhulalankhula. Ine pakamwa ndinatsegula ngati wailesi.

"Achimwene, malata awa mvula imachita kupempha chilolezo. Chiswe chikafika pakhonde chimavula nsapato."

Bamboyo ankaseka, akugogoda makoma ndi chala. Mkazi wake analowa yekha m'chipinda chaching'ono. Titamutsatira tinamupeza atakweza kalendala ija, akuyang'ana. Bodza ndinali nalo kale pa lilime, loti pankakhala nyali ya parafini, koma akazi anga anandipitirira.

"Ankatsamira pamenepo mwana wanga. Anamwalirira muno."

Ndinayang'ana pansi. Ndinaona zidzukulu zanga zikudya mango osapsa mpaka Febuluwale. Bambo uja anasiya kugogoda, nayamba kufunafuna chipewa chake chimene chinali kumutu.

Mayiyo anabwezera kalendala pang'onopang'ono.

"Anadwala nthawi yaitali, amayi?"

"Yaitali."

"Wathu anali mchimwene wanga. Kwathu banga lili pa chitseko, pamene ankagwira potuluka." Anatembenukira mwamuna wake. "Bambo a mwana, mukufuna nyumba yopanda maliro? Mukaipeza kuti zaka zino? Kapena mukamange m'mwamba mwa mtengo."

Bamboyo anakanda m'khosi, nati khitchini ndi yaing'ono, chimbudzi chapendekeka. Pamenepo ndinadziwa kuti agula, pakuti munthu wosafuna mbuzi sayang'ana mano ake. Anatsitsa mtengo ndithu, ndipo ine amene ndinkakalipira matenanti ku esiteti ndinangoti zikomo.

Tsiku losamuka, katundu ali pangolo, mayi uja anabwera kudzatenga makiyi. Akazi anga anamukokera pambali, koma makutu a mkamwini ndi aatali.

"Mukapala, mwanawe, musadzandiuze."

"Sindipala msanga, amayi. Ndiikapo kabati."

Akazi anga anagwedeza mutu, nakwera pangolo osalowanso m'nyumba. Tinafika ku Chiosya fumbi likununkha mvula, ndipo m'mawa mwake alamu anga anandipatsa khasu ndi kundilozera munda wa kudambo, umene aliyense anaukana.