Atsikana a M'mphepete mwa Munda wa Tiyi

Ine ntchito yanga inali yogulitsa matemba ndi mchere. Ndinkazungulira maesiteti a ku Thyolo tsiku la malipiro, ndipo pakamwa pangapa ndinkapadalira kwambiri. Ndinkatha kumgulitsa munthu nsomba zoyamba kufumbwa, iye n'kumandithokoza. Kuwerenga ndinaphunzira pa kasukulu ka mishoni kamene kanali m'malire mwa esiteti yathu. Sikuti ndinali wanzeru ayi. Ndinali mnyamata, basi.

Achemwali anga, amene ndinawaponda pamutu, ankathyola tiyi. Amuna awo anapita ku Halale osabwerako, n'kuwasiyira mtsikana wosinkhukirapo ndi khanda. Tsono wothyola tiyi dengu limakhala kumsana, manja onse awiri ali pamasamba. Msana ndi umodzi. Khanda lipita kuti? N'chifukwa chake mtsikana aliyense wotha kubereka mwana ankakhala m'mphepete mwa munda, m'chiperoni chija, kudikira nthawi yoyamwitsa. Anyamata ankapalira m'mawa, masana n'kupita kusukulu. Palibe amene ankaona chachilendo.

Achemwali okha ndiwo zinkawawawa. Tsiku lina anasonkhanitsa atsikana a m'mudzi mwathu, makanda ali kumsana, n'kukawaimika pakhomo pa sukulu. Aphunzitsi anatuluka, munthu waulemu wake, wa jekete.

"Amayi, muno si mosungira makanda," anatero. "Komanso mtsikana akadziwa kulemba, amayamba kulembera amuna makalata."

"Nanga anyamata anuwo adzalembera ndani, aphunzitsi? Mbuzi?"

Anyamata anaseka, chitseko n'kutsekedwa.

Madzulo anandipeza ndikuyanika matemba. "Achimwene, inu ndinu atsibweni a mwanayu. Pakamwa panupo pamangogwira ntchito pa nsomba zowola?"

Ndinapita kwa aphunzitsiwo mawa lake, ndili ndi chikhulupiriro chonse. Ndinayamba monga ndimayambira pamsika, kunyoza katundu: denga likudontha, mabenchi ndi ophotchoka, sukulu yotere ikanayenera kunyadira aliyense woifuna. Kenaka ndinatchula zambiri, kuti atsikana onse alowe, akhale kutsogolo. Aphunzitsi anapukusa mutu. Ndinatsika: ochepa okha, akhale kumbuyo. Ayi. Mphwanga yekha, mwana wa achemwaliyo, ngati banyira? Ayi. Pamenepo ndinatulutsa nzeru yanga yomaliza, imene sinandigwiritsepo mwala.

"Chabwino, tikawapereka ku sukulu ya a Sabata."

Ndinanyamuka pang'onopang'ono, kukonza chipewa, khutu lili kumbuyo. Pamsika ukatero wogulitsa amakuitana usanapite patali. Ndinayenda, ndinayenda, mpaka ndinafika pamlatho. Nditacheuka, munthu uja anali akuimba chitsulo choitanira anyamata. Wogulitsa amakuitana chifukwa akufuna kugulitsa. Uyu sankagulitsa kanthu.

Nditawafotokozera achemwali, ine ndinaseka. Iwo sanaseke.

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kunyengerera amayi anzawo. Anagwirizana kuti tsiku lililonse mayi mmodzi azisiya dengu n'kukhala ndi makanda onse pansi pa mtengo, anzake azimuponyera masamba kuti ntchito yake ikwane. Atsikana akamasulidwa chotero ankathamangira kusukulu, n'kukakhala panja, pansi pa zenera, kulemba m'dothi ndi timitengo. Aphunzitsi sanawalowetse, koma sanawathamangitsenso. Mphwanga ankati masiku ena aphunzitsiwo ankakweza mawu kuposa kale. Ndimawakumbukira nazo zimenezo.

Zinayenda m'chilimwe, tiyi ali wochepa. Mvula itagwa, masamba anaphuka onse nthawi imodzi, ndipo kapitawo anayamba kuyang'ana nkhope m'mizere. Anazindikira msanga. Ife tinali anthu obwera, makolo athu anathawa kwa Apwitikizi, ndipo malo amene tinamangapo anali a mzungu. Tinkakhalapo chifukwa cha thangata, ntchito yolipirira malo. Wojomba analibe nyumba. Amayi aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, aliyense kuitana mwana wake.

"Achemwali, tisiyeni," ankatero. "Inu mulibe mwamuna wokukalipirani. Tikachotsedwa pano tilowera kuti?"

Achemwali anatenga masiku a onse amene anasiya. Dengu lawo linkagona pakhonde, iwo ali pansi pa mtengo ndi makanda a anthu amene sankawapatsanso moni.

Kapitawo anabwera yekha kunyumba. Sanakalipe. "Mayi, ine ndatumidwa. Dengu kapena nyumba."

"Bwana wanuyo ana ake aakazi amalera makanda a yani?"

"Zimenezo mukamufunse nokha. Ine ndikufuna yankho."

"Mwalimva."

Ndinamtsatira kapitawoyo ndi mtanga wa matemba abwino, osati aja ogulitsa. Anadya, anayamikira, anandifunsa za njira ya ku Chilwa. Patangopita masiku, anthu ake anabwera kudzasasula denga, chimanga chili m'munda n'kuchitchetcha chisanakhwime. Atsikana otsala anabwerera m'mphepete mwa tiyi tsiku lomwelo.

Achemwali anasamukira kumapiri a ku Thekerani, kumene munthu amalima atagwira chitsa kuti asagubuduke. Kunalibe sukulu. Mphwanga anavinidwa chaka chotsatira, posakhalitsa n'kukwatiwa. Ankadziwa zilembo zoyambirira zokha.

Ndinkawayendera ndi mchere. Achemwali anali atayamba chifuwa, koma ankatsikabe phiri kukapempha akulu a mpingo kuti amange sukulu kumeneko, ya ana onse. Akuluwo anawauza kuti pempho lotere libwere ndi mwamuna. Ndiye anandituma kuti ndiwaperekeze.

"Mungokhalapo, achimwene. Musatsegule pakamwa."

Ndinakhala duu, chipewa m'manja, iwo akulankhula, akutsokomola, akulankhulanso. Akulu anamvetsera mpaka pamapeto, n'kunena kuti aganizira.

Sukuluyo inamangidwa achemwali atamwalira kale. Anati ayambe ndi anyamata.